Ndigule TV ya mainchi 32 kapena monitala ya mainchi 24?

Funso: Amisiri, ndimakhala ku Dedza boma ndipo ndimalemba mapulogalamu a kompyuta ndili kunyumba. Laputopu yanga ndi ya mainchi 14, ndiye pofika madzulo maso amakhala akuwawa, khosi litauma. Mnzanga akufuna kundigulitsa TV ya mainchi 32, koma ku Lilongwe ndinaona monitala ya Dell yogwirapo kale ntchito, ya mainchi 24, pamtengo wofanana. Nditenge iti? Magetsi akazima ndimadalira sola ndi batire.

Yankho: Achimwene, tengani monitala. TV ija isiyeni ikakhale pabalaza.

Ntchito yanu ndi yowerenga zilembo tsiku lonse, ndipo chimene chimaonetsa zilembo bwino ndi kuthithikana kwa timadontho ta pa sikirini, osati kukula kwa galasi. Ma TV ambiri otchipa a mainchi 32 ali ndi timadontho 1366 x 768, kutanthauza pafupifupi 49 pa inchi iliyonse. Ukakhala pafupi, zilembo zimaoneka zamanomano. Monitala ya mainchi 24 ya 1920 x 1080 ili ndi pafupifupi 92 pa inchi. Kwa munthu amene angataye ola lathunthu chifukwa chosokoneza l ndi 1, kapena O ndi 0, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Komanso ma TV ena amadula m'mphepete mwa chithunzi, ena saonetsa bwino zilembo zofiira ndi zabuluu, pamene code yanu, kutanthauza zilembo za mapulogalamu amene mumalemba, yadzaza ndi mitundu yomweyo.

Thumba likalola, ya mainchi 27 ya 2560 x 1440 ndi imene ine ndimaikonda pa ntchito ngati yanu. Imafika pa 109 pa inchi, ndipo mumatsegula code mbali ino, zotsatira zake mbali inayo, osafinyana. Koma chenjerani ndi ya mainchi 27 ya 1920 x 1080. Imakopa m'sitolo chifukwa cha kukula, pomwe timadontho take ndi tomwe tija ta ya 24, tangotambasulidwa. Za 144Hz, kutanthauza kuti chithunzi chimasintha ka 144 pa sekondi, musazilabadire, n'za osewera magemu, 60Hz ikukwanirani.

Funsani ngati galasi lake ndi la IPS, mtundu wa galasi umene umaoneka bwino ngakhale mukuyang'anira pambali. Lina, lotchedwa TN, limasintha mtundu mukangoweramira pambali. Likhalenso losanyezimira, chifukwa dzuwa la m'mawa likalowera pawindo, galasi lonyezimira limasanduka kalilole.

Musanakwere minibasi ya ku Lilongwe, yang'anani m'mbali mwa laputopu yanu. Ngati pali doko la HDMI, polowetsa chingwe chotumiza chithunzi ku monitala, muli pabwino, koma ma Dell ena akale a muofesi ali ndi madoko ena otchedwa VGA, DVI ndi DisplayPort basi. VGA ipeweni ngati n'kotheka, imafewetsa zilembo. Dziwaninso kuti si USB-C (kadoko kakang'ono ka pa malaputopu atsopano) iliyonse imene imatulutsa chithunzi. Ina ndi yongotchajira ndi kusamutsa mafayilo. Ndalandirapo anthu pano atanyamula monitala yabwinobwino akuti yafa, pamene vuto ndi doko la laputopu. N'chifukwa chake ndimati laputopuyo mupite nayo, muilumikize pomwepo musanapereke ndalama. Tsegulani tsamba loyera, kenako lakuda, lofiira, lobiriwira ndi labuluu, mufufuze timadontho takufa, mizere ndi mabala. Isiyeni iyake mphindi 15, chifukwa zina zimayamba kuphethira zikatentha.

Za khosi lanu, mankhwala ake ndi mwendo wa monitala. Ma Dell ambiri a mtundu wa P ndi U amakwera, kutsika ndi kutembenuka n'kuima chilili, ndipo ikaima choncho mumaona mizere yambiri ya code nthawi imodzi. M'mphepete mwa pamwamba mulingane ndi maso anu, ndipo italikire ngati kutalika kwa mkono wanu. Kuwala kuchepetseni mpaka sikirini ifanane ndi pepala loyera lili patebulo. Anthu ambiri amaisiya yowala kwambiri monga inachokera m'katoni, kenako n'kumadabwa kuti mutu ukuwawa.

Pa sola, monitala ya LED ya mainchi 24 imadya mawati 15 mpaka 25, ndipo mukachepetsa kuwala imadya mochepera. Werengani kapepala ka kumbuyo kuti mudziwe ngati inveta yanu ikwanitsa pamodzi ndi laputopu. Gulaninso chotetezera magetsi, ndipo mvula ya ziphaliwali ikayamba zulani pakhoma.

Pobwera nayo musalole kuti aiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a mbatata. Ikulungeni m'bulangete, muiike chilili pamiyendo, galasi litayang'ana kwa inu. Mukafika nayo m'chifunga cha mu June, isiyeni m'nyumba maola awiri iume chinyezi musanaiyatse.