Funsani Aphunzitsi: Kodi Chichewa chikumusokoneza mwana wanga?

Aphunzitsi, ndimakhala ku Mufakose kuno ku Harare. Kwathu ndi ku Dedza, bambo a kunyumba anabadwira konkuno koma agogo awo anachokera ku Ntcheu. Mwana wathu wamkazi ali Giredi 2. Kusukulu amaphunzira Chingerezi ndi Chishona, posewera ndi anzake ndi Chishona, akatenga foni makatuni onse ndi a Chingerezi. Ine ndikamuyankhula Chichewa amamva, koma amayankha m'Chishona. Aphunzitsi ake akuti ziyankhulo zitatu zamuchulukira, ndiyambe ndasiya Chichewa. Agogo ake akaimba pa WhatsApp mwanayo amangoseka n'kundibwezera foni. Nditani?
Mayi wodandaula, Mufakose

Mayi, musasiye. Ndayamba ndi mawu amenewa kuti mtima ukhale m'malo.

Taonani mmene tsiku la mwana wanu limathera. Chingerezi chili ndi kalasi, mabuku, foni, ndiponso mayeso a ZIMSEC amene akumudikira ku Giredi 7. Chishona chili ndi msewu wonse, makombi (maminibasi), anzake, ngakhale amayi ogulitsa tomato pakona. Chichewa chili ndi inu nokha. Mukati muyambe mwachisiya, palibe wina wochigwirizira, ndipo podzati mubwerere mudzapeza mwana sakumvanso n'komwe. Ndi mmene chinathera m'makomo ambiri a ku Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa. Makolo anabwera nthawi ya Chitaganya, pakati pa 1953 ndi 1963, ena kale kuposa apo, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu. Ambiri ankaopa kuti ana awo azinyozedwa kuti ndi obwera, choncho Chichewa ankachisungira kuchipinda. Lero zidzukulu zikudziwa moni wokha. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anaika Chichewa pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma pitani m'sukulu za mu Harare muno, mupeza makamaka Chishona ndi Chingerezi.

Aphunzitsi akewo sindikuwanena, ali ndi ana ambiri m'kalasi ndipo akufuna onse akhoze. Koma apa alakwitsa. Mwana akasakaniza ziyankhulo m'chiganizo chimodzi sikuti mutu wasokonezeka. Inu nomwe ku msika wa Mbare Musika simunenerera mtengo m'Chishona, kuwerenga ndalama m'Chingerezi, kenako n'kudandaula m'Chichewa?

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi Chingerezi cha pa foni, chifukwa chimapusitsa makolo. Mwana amatchula mawu ngati wobadwira ku London, alendo n'kumaombera m'manja. Ndiye mupatseni samu yolembedwa m'mawu: mayi anagula malalanje 12, anagawira ana atatu mofanana, aliyense analandira angati? Amangoyang'ana pepala. Jim Cummins, katswiri amene anafufuza za ana a anthu osamukira ku Canada, anapeza kuti mwana amatola chiyankhulo chochezera m'zaka pafupifupi ziwiri, koma cha m'kalasi chimamutengera zaka 5 mpaka 7. Anasonyezanso kuti zimene mwana wazimvetsa m'chiyankhulo cha kunyumba zimamuthandiza m'chiyankhulo chachiwiri. Mukamugawitsa malalanje aja pamphasa, mukumufunsa m'Chichewa kuti "aliyense walandira angati?", kugawa wakumvetsa. Kusukulu akangofunika mawu a Chingerezi okha. Katuni simufunsa mwana funso n'kudikira yankho. N'chifukwa chake ine sindinasangalale pamene kwathu ku Malawi lamulo la maphunziro la 2013 linanena kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsono foni yomweyo itembenuzeni. Kuimba kwa vidiyo kumamuchititsa manyazi mwana: agogo akumuyang'ana, inu muli pambali mukuti "yankha!", netiweki nayo ikudukaduka. Apempheni agogo azijambula mawu n'kutumiza. Ayambe ndi "Padangokhala", asiye kampata, inu ndi mwana muvomere kuti "Tili tonse". Nthano imodzi ya Kalulu aimvere pogona sabata yonse mpaka aziyamba yekha nyimbo yake. Kenako agogo amufunse kanthu kakang'ono, monga ndiwo zimene wadyera nsima lero, iye ajambule yankho. Akalakwitsa afufuta n'kuyambiranso popanda womuseka, ndipo sizidya bandulo ngati vidiyo.

Mukamaphika tsegulani wailesi. National FM ya ZBC imakhala ndi mapulogalamu a Chichewa, ndipo MBC ndi Zodiak zimamveka pa intaneti. Ngati mumapemphera ku CCAP ya Sinodi ya Harare, nyimbo za Chichewa zija ndi sukulu kale. Za kuwerenga musavutike nazo kwambiri. Mwana amene akutha ba, be, bi, bo, bu m'Chishona sachedwa kuwerenga Chichewa. Muzimulembera timakalata tomutuma, monga "katenge mchere ndi machesi".

Akakuyankhani m'Chishona musamukalipire kapena kunamizira kuti simunamve. Bwerezani zimene wanenazo m'Chichewa, mumuyankhe, nkhani ipitirire. Bambo ake nawo, ngakhale Chichewa chawo chili chothyokathyoka, aziyesako pa nthawi ya chakudya, mwana aone kuti si chiyankhulo cha amayi okha.

Ndipo ndalama ya basi ikapezeka, ya kudzera ku Nyamapanda ndi Tete ija, mupite naye ku Dedza tchuthi cha Disembala. Mukafika musamumasulire chilichonse, mumusiye ndi asuweni ake apite kukatola mango.