Nsalu ya m'kati mwa chitseko cha galimoto ikamatuka

Funso: Amisiri, ndili ku Salima ndipo ndimayendera VW Golf 4 ya 2002. Nsalu ya m'kati mwa zitseko zakutsogolo, pamene timatsamiritsa chigongono paja, yamatuka ndipo ikungolendewera. Ndinamata ndi supa guluu, sinakhalitse, yangosiya mabanga olimba. Ndinayesanso guluu wa nsapato, wagwira masabata awiri basi. Kuseri kwa nsaluyo kukutuluka ufa wachikasu womata m'zala. Ndigule guluu wanji wamphamvu?

Yankho: Achimwene, ufa wachikasu mwautchulawo ndiwo waulula matenda. Za guluu wamphamvu zisiyeni kaye, chifukwa chomwe chafa pachitseko chanucho ndi siponji.

Kufakitale nsalu ija saimata yokha pa panelo, bolodi lija lotchinga m'kati mwa chitseko. Kuseri kwake amaphatikako kasiponji ka polyurethane kokhuthala mamilimita 2 kapena 3, ndipo kasiponjiko ndi komwe kamagwirana ndi bolodi. N'chifukwa chake galimoto ikakhala yatsopano, mukadina pamenepo pamamveka pofewa. Siponji yamtunduwu imadana ndi kutentha komanso chinyezi. Galimoto yoima padzuwa magalasi ali otseka, m'kati mwake mumafika madigiri 60 mwinanso kupitirira, ndiye inu muli ku Salima kumene dzuwa la Okutobala limakumana ndi chinyezi cha kunyanja. Onjezanipo zaka zoposa 20 zomwe galimotoyo yakhala pamsewu. Siponji imayamba kuuma, kenako imanyenyeka n'kusanduka ufa womatamata uja. Nsalu ya kudenga ikamagwa n'kumakhudza anthu pamutu, matenda ake ndi omwewa. Pa Golf 4, Passat ndi ma BMW a zaka zimenezo timaziona kawirikawiri, koma galimoto iliyonse yokhala ndi siponji yotere tsiku lake limafika.

Ndiye guluu munapakayo anagwira ufa, sanafike pa bolodi. Zili ngati kupaka penti pa khoma loti pulasitala wake akugumuka: penti angakhale wodula bwanji, agwera pansi limodzi ndi mchenga.

Ntchito yeniyeni imachitikira patebulo, panelo itachotsedwa pachitseko. Tsitsani galasi mpaka pansi. Masikuluwu amabisala kuseri kwa kapulasitiki ka pogwirira, pena pa chotsekulira, ena m'munsi mwa panelo, ndipo pa VW ena mitu yake ndi ya nyenyezi, ya Torx, choncho sikuludiraiva wamba sangakuthandizeni. Onse akatuluka, kanulani panelo kuyambira pakona ya pansi. Gwiritsani ntchito chokanulira cha pulasitiki, ngati palibe kulungani nsanza pa sikuludiraiva yamutu wophwatalala kuti musakande penti. Lowetsani pafupi penipeni ndi kilipi, kapulasitiki kogwiriza panelo ku chitseko, osati pakati pa makilipi awiri, apo ayi bolodi limang'aluka. Makilipi onse akamasuka, nyamulani panelo chokweza m'mwamba chifukwa kumtunda imakolekedwa pa mlomo wa chitseko. Musaikoke kutali. Kuseri kuli mapulagi a maswitchi a magalasi ndi kebulo ya chotsekulira, mtundu womwewo wa kebulo ya buleki ya njinga. Jambulani ndi foni musanachotse kalikonse, chithunzicho chidzakupulumutsani pobwezeretsa.

Mukaitembenuza panelo muona kuti chigawo chokhala ndi nsalucho ndi chapachokha. Chinalowetsedwa pa timizati ta pulasitiki ndipo mitu ya timizatito inasungunulidwa kuti chisatuluke. Dulani mitu yokhayo ndi dirilo kapena tchizulo yakuthwa, mosamala, mizati yake itsale, poti mudzamangapo timasikuluwu pobwezeretsa. Ena sachotsa chigawochi, amangokanikizira m'mphepete mwa nsalu mu kamzere kozungulira kaja. Zimatheka, koma nsalu yopindidwira kuseri n'kumatidwa kumeneko ndi imene imapirira chigongono cha dalaivala tsiku ndi tsiku.

Tsopano pafika pomwe ntchito yonse yagona, ndipo ndi pomwe ambiri amachita mothamanga. Siponji yakufayo ichoke yonse. Palani ndi burashi yolimba, m'makona ndi m'timizere gwiritsani ntchito mswachi wakale. Guluu wa nsapato munapaka uja achokenso, mumufikise ndi chala kapena kumupala ndi khadi lakale la ATM. Kenako pukutani ndi sipiriti, yofiirira ya m'mahadiweya ija. Thinara ayi, amadya mapulasitiki ena mpaka kuwasiya ofewa ndi othimbirira. Mukamaliza yendetsani chikhato pa bolodi lonse. Dzanja likabwera ndi kachikasu ngakhale pang'ono, kapena likamakakamira, simunathe. Onaninso zilembo zodindidwa kuseri kwa bolodi. Mukapeza PP, dziwani kuti ndi pulasitiki yoterera yomwe guluu saikonda, ndiye ikwecheni ndi sandipepa wa nambala 80 kapena 120 mpaka kunyezimira konse kuthe, n'kupukutanso.

Nsalu yakaleyo ndikanakonda mukanaitaya. Mabanga a supa guluu sachoka osawononga mtundu, komanso nsalu yoti yalendewera nthawi yaitali imakhala itafota, siifikanso m'mphepete. Isungeni ngati patani yokha. Pitani kwa anthu osoka mipando ya galimoto kapena masofa, ku Mchesi ndi ku Biwi ku Lilongwe, kapena ku Ndirande ndi ku Limbe mukakhala ku Blantyre, mukafunse nsalu yokhala kale ndi siponji kuseri, yomwe amaika kudenga kwa galimoto, kapena rekisini yotanuka. Mukaigwira ikokeni mbali zonse ziwiri. Yosatanuka idzakuvutani pa malo okumbika. Podula siyani masentimita 3 mbali zonse kupitirira patani.

Tibwere ku funso lanu la guluu. Mukufuna guluu wopaka mbali ziwiri, amene amalemba kuti contact adhesive, ndipo pachitini pakhale polembedwa kuti amapirira kutentha kapena kuti ndi wa headliner, kutanthauza nsalu ya kudenga kwa galimoto. Mwa opopera, 3M Hi-Strength 90 ndi wa ntchito ngati imeneyi, pomwe 3M Super 77 ndi wa zinthu zopepuka ndipo m'galimoto yotentha amafewa. Guluu wa nsapato wa m'chitini, monga Genkem kapena Pattex, si woipa ayi. Pa rekisini ndi popinda m'mphepete amagwira bwino kwambiri. Vuto lake ndi loti mukamuthira wambiri amalowerera siponji n'kutulukira kumaso kwa nsalu, banga lake losachokanso. Supa guluu, guluu woyera wa matabwa ndi uja wosungunula ndi kamfuti, onsewa pano alibe ntchito.

Pakani mopyapyala pa bolodi ndi kuseri kwa nsalu, kenako dikirani. Nthawi yake yalembedwa pachitini, kawirikawiri ndi mphindi 5 mpaka 15. Khudzani ndi kuseri kwa chala: azimveka kunata koma asatsalire pachala. Mukaphatikiza akadali wonyowa, mpweya wake umatsekeredwa m'kati ndipo dzuwa likawomba pamatuluka matuza.

Poyala nsalu, yambirani pamalo okumbika kwambiri, pamene bolodi limalowa m'kati pafupi ndi potsamira mkono. Kanikizani nsalu ifike pansi pa dzenjelo kaye, ndiye muziyenda kupita kunja pang'onopang'ono ndi chikhato, mbali yomwe simunafike mutainyamula m'mwamba. Apa m'pofunika munthu wachiwiri. Amene amayamba kumata m'mphepete n'kudzakankhira pakati pomaliza amakhala atakoka nsalu, ndipo nsalu yokokedwa imafuna kubwerera mwakale. Tsiku loyamba imaoneka bwino, koma kukatentha imadzuka padzenje pomwepo. Musadine ndi nsonga za zala guluu asanaume chifukwa siponji imaphwatalala n'kusiya timaenje. Rekisini ikamakana kupindika, itenthetseni pang'ono ndi chowumitsira tsitsi cha ku saluni. M'makona dulani timipata m'mbali yotsalayo kuti ipindikire kuseri popanda makwinya, matani, panani ndi mapegi a zovala. Zonsezi muchitire panja pamthunzi, kutali ndi mbaula ndi fodya, poti guluu ameneyu sachedwa kugwira moto.

Isiyeni maola 24 pamthunzi. Pobwezeretsa chigawo chija mangani timasikuluwu tatifupi tokhala ndi mawashala pa timizati paja, koma yezani kutalika kwake kaye kuti nsonga isatulukire pa nsalu yatsopano. Makilipi othyoka gulani ena, musasiye mpata chifukwa panelo idzayamba kulira pa msewu wa fumbi. Lumikizani mapulagi ndi kebulo, yesani galasi, loko ndi chotsekulira cha m'kati, zonse zikayenda m'pamene mumenye makilipi.

Funso: Yanga ndi Toyota Sienta, ndili ku Area 25. Kakona kamodzi kokha ndi komwe kadzuka pachitseko chakumbuyo, ana amakatosatosa. Nanenso ndichotse panelo yonse?

Yankho: Mayi, lowetsani chala kuseri kwa kakonako. Chikabwera ndi ufa, yankho lanu ndi lomwe ndapereka pamwambapa, kungoti mwalipeza msanga. Chikabwera choyera, panelo isiyeni pomwepo. Matani tepi ya pepala mozungulira kuti guluu asadetse pulasitiki, pukutani m'katimo ndi kansalu konyowetsa sipiriti, pakani guluu pang'ono mbali zonse ziwiri ndi kamtengo ka machesi kapena kaburashi, dikirani anate, kanikizani, ndipo m'mphepete mwake mulowetse mu kamzere ndi khadi lakale. Kupukutako musakudumphe. Polishi yonyezimiritsa yomwe anyamata otsuka galimoto amapopera m'zitseko imakhala ndi silikoni, ndipo pamene pafika silikoni guluu sagwira.

Funso: Kodi chitenje chingagwire ntchito m'malo mwa nsalu ya galimoto?

Yankho: Chingagwire, ndipo pa chigawo chophwatalala chimakongola. Chichapeni kaye kuti chifoteretu, muike siponji yopyapyala pansi pake, ndipo guluu akhale wopopera chifukwa wa m'chitini amatulukira. Dziwani kuti chitenje sichitanuka, choncho pa malo okumbika chimachita makwinya, komanso padzuwa chimasuluka msanga kuposa nsalu yopangira galimoto.

Funso: Ndili ku Thyolo, Hilux yanga ndi yakale ndithu. Rekisini yamatuka m'munsi mwa zitseko zonse ziwiri, bolodi lake lafufuma ndipo likunyenyeka ndikaligwira.

Yankho: Bambo, apa wolakwa ndi madzi. Magalimoto akale mapanelo ake ndi a hadibodi, ndipo hadibodi ikamwa madzi imafufuma, makilipi amazuka, guluu ndi masitepulo zimasowa pogwira. Anthu ambiri sadziwa kuti m'kati mwa chitseko mumalowa madzi nthawi zonse mvula ikagwa, ngakhale galimoto ili yatsopano. Amatsetsereka pa galasi, kudutsa pa labala, n'kutulukira pa timabowo tomwe tili pansi penipeni pa chitseko. Chomwe chimateteza panelo ndi pepala la pulasitiki lomatidwa pakati pa chitsulo ndi bolodi. Nthawi zambiri munthu wokonza galasi kapena woika masipika amaling'amba osalibwezeretsa, timabowo tapansi natonso timatsekeka ndi matope, ndiye ndi mvula ya ku Thyolo bolodi limangokhalira kunyowa.

Kumata pa bolodi lofufumalo n'kutaya guluu. Gulani hadibodi ya mamilimita 3, gonekani lakale pamwamba pake, jambulani m'mphepete ndi mabowo onse. Mabowo a makilipi ndiwo ofunika kusamala, akaphonya pang'ono panelo siikhala. Pakani vanishi mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete, aume, kenako ikani siponji ndi rekisini. Kuseri onjezani masitepulo aafupi oti sangaboole. Musanabwezeretse, tokosani timabowo tapansi ndi waya, thirani madzi pa galasi muone ngati akutuluka bwino. Dulani pulasitiki yokhuthala, ya omanga nyumba ija imakwana, muimate kuzungulira, ndipo m'munsi mwake muikonze moti dontho lililonse lotsetsereka libwerere m'kati mwa chitseko.

Funso: Pa chitseko cha BMW yanga, E46, palembedwa kuti AIRBAG ndipo chikopa chamatuka chapafupi pomwepo. Ndingakonze ndekha?

Yankho: Akulu, imeneyi ndikupemphani muipititse kwa mmisiri woidziwa. Golf 4 airbag yake ya m'mbali, thumba la mpweya lija lofufuma pangozi, ili mu mpando, koma pa E46 ndi ma Mercedes-Benz ena monga W210 ndi W203 ili m'chitseko momwemo, kuseri kwa panelo. Malo amenewo anapangidwa kuti pangozi ang'ambike mwanjira yake. Mukakutapo rekisini yokhuthala, kuthirapo guluu wambiri kapena kumangapo sikuluwu, airbag ikhoza kulephera kutuluka bwino kapena kukuponyerani zidutswa. Chokutira chatsopano chikhale chopyapyala ngati chakale, ndipo mzere wong'ambikira usatsekedwe.

Wogwira ntchitoyo ayambe wachotsa waya wa negativu pa batire n'kudikira mphindi zingapo, ndipo pulagi ya airbag ikakhala yochotsa asayatse kiyi, apo ayi nyali ya airbag imayaka pa dashibodi mpaka itazimitsidwa ndi kompyuta. Inu nonse amene zitseko zanu zilibe airbag, batire musalichotse popanda chifukwa. Batire likachotsedwa, mawailesi ena amafuna nambala yachinsinsi kuti ayakenso, ndipo ambiri obwera ndi magalimoto a ku Japan amafuna khadi la SD la mapu, lomwe eni ake ambiri sanalilandire pogula galimoto.