Ndinaloweza F = ma, nanga bwanji ndikulephera?

Mtsikana wina wa Fomu 3 wa ku Chinamwali wafunsa kuti: "Ndikufuna kudzakhala injiniya, koma Physics ikundivuta. F = ma ndinaloweza, koma akandifunsa za mass ndi inertia mutu umaima."

Mwanangu, mutu wako uli bwinobwino. Unangofulumira kuloweza zilembo usanaone zimene zikunena. Ukapita kumsika wa Zomba, ukaime pang'ono uonerere anyamata a mawilibala. Wilibala yopanda kanthu, kungoikankha pang'ono yanyamuka. Akaikamo matumba awiri a chimanga, mnyamata yemweyo amawerama, n'kuponda pansi mwamphamvu, koma imayamba kuyenda mwapang'onopang'ono. Ikathamanganso, kuiimitsa ndi ntchito ina. Kukana kusintha kayendedwe kumeneku ndiye inertia, ndipo mass (kuchuluka kwa zimene zili m'chinthu, koyezedwa m'makilogalamu) ikachuluka, inertia nayonso imakula.

Tsopano tenga cholembera. Mu F = ma, F ndi force (mphamvu yokankha kapena kukoka, yoyezedwa mu newton, N), m ndi mass, ndipo a ndi acceleration; ukachulukitsa m ndi a umapeza F. Force ya 100 N ikakankha katundu wa 50 kg, acceleration ndi 2 m/s², kutanthauza kuti sekondi iliyonse liwiro likuwonjezeka ndi 2 m/s. Force yomweyo pa 100 kg ipereka 1 m/s² basi. Mass ikawirikiza kawiri, acceleration imatsika ndi theka. Limeneli ndi lamulo lachiwiri la Isaac Newton, amene anasindikiza malamulo akewa mu 1687.

Pamene ambiri amatayira malikisi ndi apa. F ija ndi force yotsala ukachotsa friction (kukhulana komwe kumabwezera chinthu m'mbuyo): ukakankha ndi 120 N friction ili 20 N, gwiritsa ntchito 100 N. Akakupatsa magalamu, yamba wawasintha kukhala makilogalamu. Usasokonezenso mass ndi weight, chifukwa weight ndiyo force imene dziko limakokera chinthu pansi, imayezedwa mu newton. Ndipo chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ana ambiri amaganiza kuti force ikakhala yosasintha, liwiro nalonso silisintha. Ayi, chosasintha ndi acceleration, liwiro limangokwerabe.

Inu makolo, chonde musamuuze mwanayu kuti asiye Physics poti ndi mtsikana. Maphunziro a uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre ndi ku MUST ku Thyolo amafuna Physics ndi masamu, ndipo phunziro lomweli lingamufikitse ku University of Malawi konkuno ku Zomba. Mupezereni mapepala akale a mayeso a MANEB.

Iwe mwanangu, pa funso lililonse uziyamba wajambula chinthucho ndi mivi yosonyeza force iliyonse, kenako uziwerengera. Ukamaliza, aphunzitsi ako akuchongere.