Apongozi akukana kudya nanu pa tebulo? Sikuti akudana nanu achimwene

Imelo ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Kapata muno mu Chipata, dzina ndabisa monga anapemphera. Mwachidule akuti akazi awo anachira mwezi watha, mwana woyamba, ndiye apongozi awo aakazi anabwera kuchokera kumudzi ku Katete kudzathandiza. Koma chibwerereni mayi aja sadya pa tebulo, amatenga mbale yawo kukakhala kuseri pafupi ndi mbaula, mkamwini akalowa mu sitingirumu iwo akutuluka, moni amapereka atagwada chapatali nkhope atayang'ana kumbali. Aletsanso mwana wawo, mayi wa khandayo, kuthira mchere mu ndiwo, amathira okha kapena kutuma kamwana ka aneba. Funso lawo ndi lakuti kodi ndinawalakwira chani, kapena akuona ngati sindikwana pa mwana wawo?

Achimwene, mtima pansi. Simunalakwe kanthu. Mayi amenewo akukupatsani ulemu waukulu umene amaudziwa, vuto ndi lakuti ulemu umenewo unapangidwira pamudzi pomwe pali bwalo, nkhokwe, khola ndi nyumba zingapo zotalikirana, osati nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri yomwe bafa ndi toileti ndi chimodzi.

Taganizani mmene iwo anakulira. Kwa Achewa mwamuna ndiye ankasamuka, kukakhala kwao kwa mkazi, chikamwini chija. Amanga kanyumba kake pambali, amalima munda wa apongozi, ana akabadwa ndi a mbumba ya mkazi ndipo mwini mbumba ndi malume awo. Ndiye mlendo ameneyu akhala bwanji ndi mayi a mkazi wake pamudzi umodzi zaka ndi zaka osayambana? Makolo anaona kuti njira ndi kutalikirana. Mukakumana panjira wina amapatuka, simudyera mbale imodzi, simuyang'anana m'maso, nkhani ikakhalapo imadzera kwa ankhoswe. Anthu awiri omwe sacheza mwachisawawa satukwanana, basi nzeru yake inali imeneyo. Ndipo kudya padera sichinali chachilendo olo pang'ono chifukwa pamudzi amuna ankadyera kumphala, amayi ndi ana kwaokha. Zoti banja lonse lizungulire tebulo bambo, mayi, ana ndi apongozi omwe uku TV ikulira, zabwera ndi ife a m'tauni. Apongozi anuwo mwina ngakhale ndi amuna awo sanadyepo mbale imodzi, ndiye ayambire pa inu?

Mukanakwatira kwa Angoni a Mpezeni cha ku Mtenguleni uko nkhani ikanatembenuka, chifukwa kumeneko kuli malobolo, mkazi ndi amene amapita kwa mwamuna ndipo manyazi ambiri amagwera mtengwa pamaso pa apongozi ake aamuna. Muno mu Chipata tasakanikirana kwambiri, Achewa, Angoni, Ansenga, Atumbuka ochokera ku Lundazi, Akunda a ku Mambwe, moti ana ambiri obadwira ku Mchini kapena ku Nabvutika sadziwanso kuti mwambo uti ndi wa ndani, amangomva kuti "sizichitika zimenezo".

Kusintha kumeneku sikunayambe ndi mafoni ngati mmene akuluakulu amakondera kunena. Kunayamba kale tauni ino ikutchedwa Fort Jameson, atsamunda atabweretsa msonkho ndipo malo abwino atapita ku mafamu a fodya a azungu. Amuna anayamba kupita kukagwira ntchito ku Salisbury (Harare ya lero), ku migodi ya ku Copperbelt, ena mpaka ku Joni, akabwera ndi njinga, mabulangete ndi ndalama m'thumba, mkamwini wotere sankafunanso kugwira khasu m'munda wa apongozi, ankangopereka ndalama nkutenga mkazi wake. Kenaka mu 1989 kunabwera lamulo la chuma cha masiye la munthu womwalira osalemba wilu, lomwe limapereka 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena omwe ankadalira malemuyo. Apa mphamvu za amalume ndi adzukulu akuchikazi zinachepa ndithu. Lero inu ndi amene mukulipira lendi, kugula malasha, kugula thumba la ufa, apongozi ndi amene ali mlendo pakhomo panu. Zinthu zatembenuka koma thupi lawo linazolowera kugwada ndi kupatuka, silingasinthe chifukwa chakwera basi ya ku Katete.

Za mchere ndiye nkhani ina, ndipo apa mpofunika mumve bwino. Akuluakulu amakhulupirira za mdulo, ena amati tsempho. Kwa iwo munthu amakhala "wotentha" kapena "wozizira", ndipo mayi yemwe wangochira kumene, kapena ali kumwezi, sathira mchere m'chakudya kuopa kudula anthu a m'nyumba makamaka bambo. Nchifukwa chake amatuma kamwana kakang'ono, poti iko nkozizira. Ndiye mukaona mayi aja akuthamangira botolo la mchere dziwani kuti mumtima mwawo akuteteza inuyo kuti musatupe kapena kudwala chifuwa. Munthu wodana nanu angavutike choncho? Ine pandekha za mdulo sindizikhulupirira, koma sindionanso chomwe chimaonongeka ndiwo zikathiridwa mchere ndi agogo. Asiyeni athire. Komanso tisaname, miyambo ya chikuta ija inkapatsa mayi mpata wopuma, osaphika, osatunga madzi, osasinja, bambo nawo atalikire kaye. Masiku ano mkazi amachira kuchipatala mawa lake watuluka, sabata isanathe ali pa beseni kuchapa matewera, bambo akufunsa kuti nsima ili kuti.

Pomwe ndingakuuzeni kuti muime nji ndi pa thanzi la mwana. Agogo ambiri amabwera ndi timankhwala ta pa liwombo, tosambitsira, tomwetsa, ena amafuna kuyamba kumupatsa madzi kapena kaphala kamadzimadzi ati mwana akulira ndi njala. Kusikelo amanena momveka kuti miyezi 6 yoyamba ndi bere lokha, ndipo pamchombo sipaikidwa za kuthengo kapena phulusa. Liwombo likalowa mkati, makamaka mwana akutsegula m'mimba, nthawi zambiri ndi madzi atha m'thupi, thamangani ku kiliniki osadikira muzu. Chimodzimodzi munthu akatupa miyendo kapena akutsokomola osasiya, musangoti ndi mdulo nkukhala pansi, kayezetseni, TB ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi zimaoneka choncho. Kamkanda ka m'chiuno kapena kachingwe ka pamkono ako sikapha munthu bola kasathine, ngakhale ndikudziwa a mipingo ina angandikalipire apa.

Koma ngakhale zimenezi musakanene nokha pamaso pawo iyayi, mungawachititse manyazi oti mawa m'mamawa muwapeza atamanga kale katundu mu chitenje. Uzani akazi anu, iwo ndi amene alankhule ndi mayi awo, kapena apite nawo limodzi kusikelo akamve okha kwa anamwino. Amayi achikulire amamvera yunifomu kuposa mkamwini, ndi mmene zilili.

Pa za m'nyumba chitani tinthu tating'ono. M'mamawa sambani msanga muchoke kuti nawo apeze mpata wa kubafa, chifukwa sangalowe mmenemo inu muli pakhonde mukuona. Musamayende ndi kabudula kapena thaulo m'chiuno iwo alipo, olo kutenthe bwanji mu Okutobala. Nthawi ya nsima musawakakamize kukhala pa mpando, agulireni mphasa yabwino ku Kapata market, ndiwo yawo ipakulidwe yoyamba ndipo ikhale yabwino, nthuli yeniyeni osati makosi ndi mapazi a nkhuku. Moni perekani mutanyonyomala pang'ono, kuomba m'manja, osati kuwatambasulira dzanja kapena kuwahaga ngati mmene timaonera pa TV. Mukabwera kuntchito katengereni ka shuga, ka sopo, ka chitenje, mupereke kudzera kwa akazi anu. Akabwerera kumudzi zimenezi ndi zomwe akakambe pachitsime.

Ngati mukufunitsitsa kuti tsiku lina muzidzacheza momasuka, funsani ankhoswe anu kuti kubanja la akazi anu amachita bwanji, chifukwa mabanja ambiri amafewetsa zinthu pakapita zaka ana akabadwa angapo, ndipo amayambitsa ndi akuluakulu osati mkamwini. Inu mwana ndi mmodzi chabe, wa mwezi umodzi, musafulumire. Ndipo mlamu wanu wamng'ono akadzabwera pa holide mudzaona kusiyana kwake, ameneyo ndiye adzakulandani rimoti, kukuvalirani jekete ndi kukupemphani ma bundle osachita manyazi, poti chilamu chimalola zimenezo.

Amene muli ndi apongozi pakhomo panopa tandiuzani kwanu zikuyenda bwanji, makamaka inu amayi omwe mukusunga apongozi aamuna m'nyumba ya lendi, chifukwa kalata ngati zimenezo ndilinso nazo ndipo ndiziyankha sabata yamawa.