Ngongole ya kubetcha musamubwezere

Achemwali, mwafunsa za ngongole imene mng'ono wa amuna anu watenga pobetcha mpira: musamubwezere ayi, ngakhale alire bwanji. Ngati mukufuna kuthandiza, gulani ufa ndi ndiwo mukasiye kunyumba kwake, koma ndalama m'manja kapena pa Mpamba, iyayi.

Ine ndinamulipirira msuweni wanga kawiri kwa akatapila. Ulendo wachiwiri, tsiku lomwelo madzulo ndinamupeza pa shopu yobetchera atagwira kapepala ka matimu khumi ndi awiri, akuti timu imodzi yokha ndi imene inamugwetsa dzulo. Nthawi zonse imakhala imodzi yokha. Zinayamba kusintha mkazi wake atayamba kusunga khadi la kubanki, iyenso n'kupita yekha kukapempha kampani yobetcherayo kuti imutsekere akaunti. Mlamu wanuyo nayenso akapemphe zomwezo, ndipo kampaniyo ikakana kutseka, kadandauleni ku MAGLA, bungwe loyang'anira juga ndi malotale m'dziko muno.

Koma zimene mwanena zoti mlamu wanuyo sakugona ndipo akumati bola kufa, zimenezo musazengereze nazo. Pitani naye kuchipatala sabata ino, kapena ku Saint John of God ku Lilongwe kapena Mzuzu, akaonane ndi aphungu a za maganizo.