Funsani Azakhali: Takangana za ulendo wa ku Zanzibar tisananyamuke n'komwe

Azakhali, ndine namwino kuno ku Mzuzu. Tinamanga woyera mwezi wathawu, ndipo pa ndalama za perekaniperekani tinapatulako zoti tikapume ku Zanzibar masiku 6 mu Ogasiti. Vuto ndi loti amuna anga alemba kale pepala la malo oposa 10 oti tikaone, kudzuka kwake mbandakucha tsiku lililonse. Ine thupi latheratu ndi zokonzekera ukwati, ndikungofuna kukagona pamchenga. Tayamba kuyankhana mokalipa. Tichite bwanji, nanga kumeneko choyenera kuona n'chiyani?

Mkwatibwi wotopa, Mzuzu

Mwana wanga, ukwati wabwino kwa nonse awiri, ndipo banja lanu likhale lamtendere. Mkangano wanuwu sukundidetsa nkhawa. Amuna ako akufuna kuti ndalama zimene anthu anakufupani zioneke ntchito yake, pamene iwe ukufuna kupuma, ndipo palibe amene walakwa. Koma pepala lawolo lachulukitsa. Mukalitsatira lonse mudzabwerako ndi foni yodzaza zithunzi, inu eni ake osalankhulana.

Yambani mwawerengera za njira, chifukwa ndi imene imadya masiku. Mukadzera pamtunda, tsiku loyamba lithera pa Karonga, chipata cha Songwe mpaka ku Mbeya. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 800, kutanthauza tsiku lina lathunthu muli pampando wa basi. Pobwerera ndi chimodzimodzi. Pa masiku 6 aja mwatsala ndi awiri okha! Choncho mwina muwonjezere tchuthi kuti masikuwo muyambe kuwawerenga mutaponda pachilumba, apo ayi mufinye thumba mukwere ndege ulendo umodzi.

Kuchoka ku Dar es Salaam kupita pachilumba cha Zanzibar, boti lothamanga limatenga pafupifupi maola awiri. Tikiti mukagule pawindo la kampani ya botilo, osati kwa anyamata amene amakuunjikirani padoko n'kuyamba kulimbirana chikwama. Miyezi ya pakati pa chaka kumawomba mphepo yochokera kummwera yofanana ndi mwera wa kunyanja kwathu, ndiye ngati umachita mseru pamadzi, kwerani boti lam'mawa. Amalawi sitifunika visa ku Tanzania, koma pasipoti ikhale pafupi chifukwa a zolowa ndi kutuluka amaiyang'ananso pofika ku Zanzibar, ngakhale mwachokera m'dziko lomwelo. Ndiponso kuyambira mu Okutobala 2024, boma la Zanzibar limafuna kuti alendo ochokera kunja akhale ndi inshuwalansi yake, imene imagulidwa pa intaneti. Zimenezi mukonzeretu muli kuno. Nyengo mwasankha bwino, poti mvula yambiri kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi.

Mausiku awiri oyamba mugone mu Stone Town, tauni yakale imene bungwe la UNESCO linaiika m'gulu la malo osungidwa a dziko lonse mu 2000. Muno ndi mmene amuna ako akhutire, ndipo safunika pepala. Tinjira take n'tating'ono moti galimoto silowa. Mumangomva belu la njinga kapena hutala ya njinga yamoto kumbuyo, n'kudziphatika kukhoma. Mudzasochera, koma musade nkhawa, tauniyo ndi yaing'ono ndipo mukayendabe mumatulukira kunyanja kapena kumsika wa Darajani. Muziyenda pang'onopang'ono n'kumayang'ana zitseko: zamatabwa olemera, zosemedwa maluwa ndi zilembo za Chiarabu, zina zokhomedwa timisomali tamkuwa tosongoka. Pa Jaws Corner mupeza azibambo atakhala pakhonde akumwa khofi wakuda m'timakapu tosakwana m'dzanja. Khalani nawo pansi mumweko. Dzuwa likamalowa pitani ku Forodhani, kumene anyamata amadumphira m'nyanja kuchokera pakhoma anthu akuwakuwiza, ndipo kukada amayala matebulo a nsomba zowotcha, madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo ndi msuzi wowawasa umene amautcha urojo. Muzifunsa mtengo musanalawe, ndipo muzidya chimene chaphikidwa inu mukuona.

Pali malo amodzi amene sindingalole kuti muwadumphe, ngakhale muli pa hanimuni. Ndi tchalitchi cha Anglican cha Christ Church ku Mkunazini, chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873, nthawi ya Sultan Barghash, ndipo ntchito yomanga tchalitchi inayamba chaka chomwecho motsogozedwa ndi Bishopu Edward Steere, amene manda ake ali kuseri kwa guwa. Nkhani imeneyi ndi yathu, mwana wanga. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo ankachokera kuno. A Jumbe a ku Nkhotakota ankawawolotsa nyanja pa zombo zamatanga, kenako ankayenda wapansi mpaka ku Kilwa, kugombe la Tanzania, opulumuka panjira n'kukafika ku Zanzibar. Mishoni ya Anglican ya UMCA imene inamanga tchalitchicho ndi yomwe ija inayambira ku Magomero mu 1861, ndipo pambuyo pake inadzakhazikika pa Likoma. Mkatimo muli mtanda waung'ono wosemedwa kuchokera ku mtengo umene patsinde pake anakwirirapo mtima wa David Livingstone kwa Chitambo, ku Zambia.

Panja pali dzenje, ndipo m'dzenjemo mwaima zifanizo za anthu asanu, khosi ndi khosi zolumikizidwa ndi unyolo. Mumaziyang'ana kuchokera pamwamba. Ine nditaima pamenepo mawu anandithera, ndipo maso anangokhala pa unyolo wa m'khosi mwa mayi mmodzi. Akakutengeraninso ku zipinda zapansi, zamdima, zoti munthu wamtali sangaimirire bwino, zimene otsogolera alendo amati ndimo ankasungiramo anthu podikira msika. Musapiteko tsiku lofika muli otopa. Pitani m'mawa wa tsiku lachiwiri, ndipo masana ake musaikepo china chilichonse. Mudzafuna kukhala pansi awiriwiri n'kukambirana zimene mwaona, ndipo m'macheza otere ndi mmene umayamba kudziwa mtima wa munthu amene wakwatiwa naye.

Zina zotsalazo sankhanipo chimodzi. Pachilumba cha Changuu, chimene ambiri amachitcha Prison Island, pali akamba akuluakulu amene makolo awo anachokera ku Seychelles mu 1919. Ulendo wake ndi wa theka la ola pa boti laling'ono. Kapena mukaone minda ya zonunkhiritsa zakudya. Nyumba yotchuka ya House of Wonders, ya mu 1883, mbali ina inagwa mu Disembala 2020, ndiye kuiona muli panja n'kokwanira.

Masiku otsalawo ndi ako, ndipo usachite nawo manyazi. Koma samala posankha gombe. Ife tinazolowera nyanja yathu imene madzi ake amakhala pomwe unawasiya dzulo. Nyanja yamchere imaphwa n'kudzazanso kawiri pa tsiku. Kummawa kwa chilumbachi, monga ku Paje, madzi amathawa mtunda wautali moti ofuna kusambira amadikira maola. Ku Nungwi ndi ku Kendwa, kumpoto, madzi sapita kutali, ndipo mutha kusambira nthawi ina iliyonse. Ndi ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchoka mu Stone Town. Amuna ako akanyong'onyeka, ku Nungwi kuli amisiri amene amakhoma zombo zamatabwa ndi manja pagombe pomwepo, akhoza kukathera m'mawa wonse kumeneko iwe uli mtulo.

Anthu a ku Zanzibar ambiri ndi Asilamu, choncho m'tauni uzivala zobisa mapewa ndi mawondo. Chitenje chisachoke m'chikwama. Zogwiranagwirana ndi kupsompsonana pagulu musiyire kuchipinda. Ndikudziwa kuti chikondi chikadali chamoto, koma muli kwa eni.

Za ndalama zakunja yambani kufunsa kubanki panopa, poti masiku ano sizipezeka tsiku limodzi. Mugwirizane ya tsiku lililonse musananyamuke, ndipo ya mphatso ikhale payokha. Kanga, nsalu yonga chitenje, ya apongozi ndi timapaketi ta zonunkhiritsa ta ankhoswe n'zokwanira. Simungagulire mudzi wonse.

Pepala la amuna ako usaling'ambe, anavutika nalo chifukwa cha iwe. Madzulo ano uwaphikire tiyi, mukhale nalo pansi, iwo asankhe malo atatu amene mtima wawo uli pomwepo, iwe uvomere kudzuka m'mawa masiku amenewo popanda kudandaula. Iwonso avomere kuti mukafika kugombe alamu azimitsa. Usiku womaliza mubwerere mukagone mu Stone Town, pafupi ndi doko, kuti boti lam'mawa lisakusiyeni.

Ndine Azakhali ako