Kodi Mapanje anayambira ku Mikuyu kulemba ndakatulo?

Mphunzitsi wina wa sekondale wanditumizira imelo. Akuti ana a m'kalasi mwake amalimbikira kuti Jack Mapanje anayamba ulakatuli ali m'ndende ya Mikuyu, ndiye akufuna kudziwa ngati n'zoona.

Ayi aphunzitsi, tangowerengani zaka. Buku lake loyamba, Of Chameleons and Gods, analisindikiza a Heinemann ku London mu 1981. Apolisi anadzamugwira ku Zomba mu Seputembala 1987. Pamene ankalowa pachipata cha Mikuyu n'kuti dzina lake litamveka kale kunja, ndipo bukulo litachotsedwa m'masitolo kuno kwathu.

Ndakatulo za m'bukulo n'za m'ma 1970. Gwero lake ndi Writers Group, kagulu kamene kanayamba mu 1970 ku Chancellor College, Mapanje ali mmodzi mwa oyambitsa. Ambiri akamva Chancellor maganizo amathamangira ku Zomba, koma nthawi imeneyo kolejiyo inali ku Chichiri mu Blantyre. Inasamuka mu 1973. Ophunzira ndi aphunzitsi awo ankakhala pamodzi, wina n'kuwerenga ndakatulo yake, anzake n'kuisenda mzere ndi mzere mosanyengerera. Kunja kunali Censorship Board, bungwe la boma lounika ndi kuletsa mabuku, ndi makutu a boma la Kamuzu, choncho kutchula chinthu dzina lake kunali kudziputira ngozi. N'chifukwa chake Mapanje anabisala m'nthano: nanzikambe wochedwa ndi uthenga wa moyo uja, milungu, mafumu. Wozindikira ankamva, wosazindikira n'kumati ndi nthano chabe.

Kenako anapita kukaphunzira ku London, ndipo chigawo china cha bukulo, Sketches from London, n'cha kumeneko. Ine zimenezi ndimazikonda kwambiri, chifukwa mumamveka mwana wa ku Kadango ku Mangochi akuyang'ana Angerezi kwawo komwe n'kumaseka chamumtima. Atabwerako anakaphunzitsa ku Zomba, ndipo apa m'pamene dzenje la Chingwe la paphiri la Zomba, lomwe amati ankaponyamo anthu kale, linalowa m'ndakatulo zake. Mawu ake anayamba kulemera.

Anawo sanalakwe kotheratu. Ku Mikuyu anapekadi ndakatulo, zambiri n'kuzisunga m'mutu poti cholembera ndi pepala sankaloledwa. Koma zimenezo zinatuluka mu 1993 m'buku lina, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, iye atamasulidwa mu 1991 osazengedwa mlandu uliwonse.

Mukafuna kuwawerengera anawo, yambani ndi za ku London. N'zosavuta kumva kusiyana ndi za nanzikambe, zimene zimafuna kuti muyambe mwawafotokozera za nthawi ya chipani chimodzi.